Wotchi ya Tusekile

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa foni. Nditamaliza maphunziro a unamwino ndinakhala kwathu ku Dedza zaka ziwiri, satifiketi ili m'sutikesi, ine ndikuthandiza mayi kupalira mbatata. Anthu a m'mudzi ankandiitana kuti anesi, koma ena ukamva katchulidwe kawo umadziwa kuti akukuseka. Tsiku lina mnzanga wa kusukulu anaponya uthenga pagulu lathu la pa foni, wonena kuti a kafukufuku wa zaumoyo ku Karonga akufuna anamwino odziwa kutenga magazi. Kalata ndinalemba tsiku lomwelo. Karonga ndinkangomumva pa wayilesi akamanena za kutentha ndi mpunga, ndipo sindinafunse munthu aliyense kuti anthu a kumeneko amakhala bwanji.

Ofesi yathu inali nyumba ya lendi ku Boma, yokhala ndi mafiriji awiri ndi jenereta yomwe inkalira kuposa mmene inkagwirira ntchito. Mkulu wathu anali Mayi Nyirenda, namwino wakale, wamfupi, wosadziwa kukweza mawu. Munthu wotero ndiye amaopsa. Tsiku loyamba anatikhazika pansi anthu anayi atsopano n'kutifotokozera zomwe tinabwerera. Anati thupi la munthu lili ndi wotchi yakeyake, imene imaliuza nthawi yogona, yodzuka ndi yomva njala. Chitetezo cha m'thupi nachonso chimatsatira wotchi yomweyo, moti mmene chimakhalira m'mawa si mmene chimakhalira masana. Ndiye pali anthu ena amene chitetezo chawo chimasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi matumbo a mwini wake. Matumbo amatupa, amachita zilonda, munthu n'kumatsegula m'mimba mwa magazi miyezi ndi miyezi. Akuluakulu a kafukufukuyo ankafuna kudziwa ngati kagonedwe ndi kadyedwe ka munthu kamakhudza kutupako.

Chifukwa cha chimenechi, nthawi inali chilichonse pa ntchito yathu. Munthu aliyense wolowa m'kafukufuku tinkamuyendera kamodzi pa sabata, koma kawiri pa tsikulo: 7 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Tinkaloledwa kuchedwa ndi mphindi makumi atatu basi.

“Magazi otengedwa nthawi yolakwika ndi madzi,” anatero Mayi Nyirenda. “Musandibweretsere madzi. Nyanja ili pompa.”

Tonse tinaseka, koma ine mawu amenewa anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinali pa miyezi itatu yoyesedwa, ndipo usiku uliwonse ndinkadziona ndikutsika basi ku Dedza ndi sutikesi yanga ija.

M'chikwama changa munkakhala magolovesi, thonje, sipiriti, lamba womanga pamkono kuti mtsempha uoneke, singano, timabotolo ta magazi ta chivindikiro chofiira ndi tina ta chapepo, kabotolo kolandiriramo chimbudzi, ndiponso kamakina koyezera kuchuluka kwa magazi ndi kadontho ka pachala. Paphewa lina ndinkakoleka bokosi loziziritsa lokhala ndi madzi oundana. Ndondomeko inali yolembedwa bwino papepala lomata pachivindikiro cha bokosilo. Choyamba moni ndi kufunsa mmene munthu wagonera. Chachiwiri kuyang'ana m'maso, lilime ndi zikhatho. Ngati zayera, boola chala, yeza, ndipo nambala ikakhala pansi pa mzere wofiira usatenge magazi, imba foni. Kenako ndiye singano. Nthawi yolowetsa singano unkailemba pa tabuleti, ndipo tabuletiyo sinkanyengeka.

Panalinso wotchi. Tinkaitcha wotchi chabe, poti inalibe mivi kapena manambala. Kanali kachinthu kakuda komanga padzanja, kamene kankalemba nthawi imene munthu akuyenda ndi imene wagona. Sabata ikatha tinkakamasula n'kukalumikiza ku kompyuta ku ofesi. Pakompyutapo pankatuluka mizere yakuda yothithikana pamene munthu anali kutakataka, ndipo pamene anagona pankakhala poyera. Kwa mlimi wamba, masana kunkakhala bii, usiku mbee.

Anandipatsa dera la Kaporo, ndi woyendetsa njinga yamoto dzina lawo Bambo Kayange, munthu wamkulu wa konkuno, amene analinso wondimasulira Chinkhonde chikandikanika. Ndiwo anandiphunzitsa kunena kuti “mwaghona” popereka moni ndi “ndagha” pothokoza. Ankandiseka kuti ndimayenda ngati ndasiya mkaka pamoto.

Mwa anthu anga onse, amene ndinamukonda anali Tusekile. Anali mayi wa ana awiri, wamsinkhu wanga, woonda, wa maso aakulu. Nthenda ya matumbo ija anali atakhala nayo zaka zingapo, ndipo mankhwala ankalandira kuchipatala. Mwamuna wake, Gwamaka, ankakhalitsa ku malire a Songwe komwe ankanyamula katundu wa amalonda. Tusekile ankalankhula Chichewa chophatikiza ndi Chitumbuka, ndipo ankakonda kundiseka ndi kabotolo ka chimbudzi kaja.

“Asisita, sukulu yonse ija munaphunzira kuti muzinyamula ichi?”

Ankandipatsa kabotoloko atakakulunga m'tsamba la nthochi kuti anthu asaone. Ndinkamutenga magazi pakhonde, pamphasa, iye akuyang'ana kumbali n'kumandiuza za mpunga wake.

Kenako kunabwera madzi osefukira. Mtsinje unadzaza n'kulowa m'minda ndi m'nyumba za kumunsi. Nyumba ya Tusekile inali pamtunda pang'ono ndiye inapulumuka, koma njira yopita kumeneko inasanduka matope ofika m'mawondo. Njinga sinkadutsa. Kuyambira pamenepo Bambo Kayange ankandisiya pamsewu n'kutsala akulondera njinga, ine n'kuyenda ndekha pafupifupi theka la ola, nsapato zili m'manja.

Ulendo woyamba madzi ataphwera ndinapeza munthu wachilendo pakhomopo. Anali bambo wachikulire, wa imvi, atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, mwendo wina atamanga nsanza. Anandiuza kuti ndi a Mwalwanda, bambo ake a Gwamaka. Nyumba yawo inagwa ndi madzi, khoma linawaphwanya mwendo, ndiye anabwera kudzakhala kwa mwana wawo. Chichewa ankachidziwa bwino chifukwa anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi kummwera. Tinacheza, ndinawaonera bala, ndinawasiyira bandeji. Ndinachoka pamenepo ndikudzitama mumtima kuti ndine munthu wodziwa kukhala ndi anthu.

Tusekile sanatuluke kudzandilonjera. Ndinamupeza m'kanyumba kophikira, kuseri, atafunda chitenje kumutu. Ndinati tiye pakhonde, iye anati ayi, tipangire momwemo. Ndinamutenga magazi pafupi ndi khomo pomwe pankalowa kuwala. Nthabwala panalibe tsiku limenelo, ndipo ndinaganiza kuti akudandaula mpunga wake womwe unapita ndi madzi.

Sabata yotsatira, nditalumikiza wotchi yake ku kompyuta, ndinaona zachilendo. Masana onse panali poyera ngati munthu wagona, koma mizere yakuda inali pakati pa usiku ndi m'bandakucha. Ndinayang'ana kamodzi n'kulemba m'buku kuti wotchi yalowa madzi. Ndinamupatsa ina. Sabata inayo, wotchi yatsopano inaonetsa chimodzimodzi. Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinkadziwa kuti ena amavula wotchi masana akamapita kumunda, ndipo mizere yoipa inkaoneka ngati ulesi wa namwino. Ndinapita kukamukalipira m'kanyumba muja.

“Tusekile, ukuvula wotchi. Ukufuna andichotse ntchito?”

“Yayi, asisita. Ndikuvala.”

“Nanga masana onse ukumatani? Ukungogona?”

Anati chapansipansi, “Pakhomo pali alendo.”

Ine ndinati alendo ndawaona, ndipo alendo saletsa munthu kuvala wotchi. Milomo yake inali youma, yong'ambika. Ndinaiona, koma nthawi inali ikutha ndipo mutu wanga unali pa tabuleti. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Tsiku lovutalo linali Lachiwiri. Mvula inali itagwanso, ndipo ndinafika pakhomopo nthawi ili 7:20, matope ali mpaka m'ntchafu. Ndinali ndi mphindi khumi. A Mwalwanda anali pampando wawo, ndinangowaponyera moni ndikudutsa. M'kanyumba muja munali mdima chifukwa kunja kunali mitambo. Tusekile anali gone pamphasa, ndipo moni wanga anauyankha ndi mutu. Kuyang'ana m'maso ndi zikhatho ndinalumpha. Ndinavala magolovesi, ndinamanga lamba, ndinapapasa mkati mwa chigongono. Mtsempha panalibe. Ndinayesa dzanja lina, osaupeza. Foni yanga inati 7:25.

“Dzuka, tipite powala.”

“Yayi, asisita. Muno.”

“Muno sindikuona kanthu. Dzuka!”

Ndinamugwira m'khwapa n'kumudzutsa. Anali wopepuka moti zinayenera kundiopsa, koma ine ndinangokondwa kuti sakundivuta. Ndinamutulutsa, kumuzungulitsa pakona, n'kumukhazika pakhonde la nyumba yaikulu pomwe tinkakhala kale. Iye anali atakokera chitenje kumaso ndi dzanja limodzi. Powala mtsempha unaoneka, wopyapyala ngati ulusi. Ndinapukuta ndi sipiriti, singano inalowa, ndinalumikiza kabotolo. 7:28. Ndinapuma. Magazi ankabwera mochedwa, otuwa, ndipo apa m'pamene nzeru za unamwino zinandibwerera. Ndinati ndione m'maso mwake. Ndinagwira chitenje chija n'kuchikokera pansi.

Mayi wina woyandikana nawo nyumba, amene ankadutsa ndi ndowa pamutu, anakuwa mokweza ngati waona njoka. Ndinatembenuka. A Mwalwanda anali moyang'anizana nafe, masitepe khumi okha, ndipo ndinawaona akuphimba nkhope ndi chipewa n'kudzuka mopupuluma, mpando n'kugwa. Tusekile anayesa kuimirira kuti athawe. Singano inasolola, magazi anayenderera pamkono mpaka pachigongono. Anaponda kamodzi, maso anatembenuka, n'kugwa chafufumimba pansi pa khonde.

Ine ndinatsala chilili, kabotolo ka magazi kali m'manja.

Sindikudziwa kuti anthu anachokera kuti. Kanthawi kochepa pabwalo panali amayi, kenako amuna ochokera m'minda, makasu ali m'manja, matope ali m'miyendo. Onse ankalankhula Chinkhonde nthawi imodzi ndipo sindinkamva kanthu. Ndinagwada, ndinamutembenuza Tusekile, ndinamasula lamba, ndinatsindira thonje pabala. Mtima wake unkagunda mothamanga koma mofooka, moti chala changa chinkautaya. Ndinakoka chikope. Mkati munali mbee ngati pepala. Lilime linali louma gwaa.

Kenako m'phokoso muja ndinamva liwu limodzi lomwe silinafune womasulira. Anamapopa.

Aliyense m'dziko muno amadziwa zimene zimachitikira munthu akamutchula dzina limenelo, la anthu omwe amati amapopa anzawo magazi. Ndinali nditamvapo nkhani zake, ndipo zonse zinkathera pa miyala ndi moto. Mwamuna wina wamtali, amene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi mng'ono wake wa Gwamaka, ananyamula bokosi langa ndi chikwama n'kuzikhuthula pansi. Timabotolo tinamwazika m'matope. Anatola wotchi ina yapadera yomwe inali m'chikwama n'kuikweza m'mwamba kuti onse aone, kenako analoza ya padzanja la Tusekile. Bwalo la anthu linayamba kuchepa.

Ndinkaopa kufa, ndisaname. Koma mantha ena anali pansi pa amenewo, akuti mayiyu afera m'manja mwanga, ndipo amene wamupha ndine. Ndi dzanja limodzi ndinatsindira thonje, ndi linalo ndinaimbira Bambo Kayange. Sindikumbuka zomwe ndinanena. Iwo amati ndinkangoti, “Bwerani, bwerani, bwerani.”

Mphindi zimene ndinawadikira sindidzaziiwala. Ndinapempha madzi, palibe anasuntha. Ndinatola kamakina kanga m'matope, ndinakapukuta ndi siketi, ndinaboola chala cha Tusekile. Anthu atandiona ndikutulutsanso magazi anakuwa, ndipo chibuma cha dothi chinandimenya pamsana. Sindinatembenuke, poopa kuti ndikaona nkhope zawo ndithawa, ndipo ndikathawa andithamangitsa. Nambala inatuluka. Inali pansi kwambiri pa mzere wofiira, nambala imene ndinali ndisanaionepo kwa munthu wamoyo.

Bambo Kayange anafika akuthamanga, munthu wamkulu ngati uja, chipewa cha njinga chili m'manja. Analowa pakati pa anthu akulankhula mokweza, akutchula ena mayina, ena kuwakumbutsa makolo awo. Mayi wa ndowa uja anawafotokozera, akuloza ine, akuloza mpando wakugwa. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anawerama pafupi nane.

“Mwana wanga, mwachita chiyani? Mwamuvundukula pamaso pa apongozi ake aamuna?”

“Ndimafuna kuona m'maso.”

“Kuno mkazi wa mwana wako saonana nawe. Sakhala pamene wakhala, sadutsa pamene uli, dzina lako satchula. Ena anasiya, koma nyumba ino amasunga. Bwanji simunandiuze kuti akuluwa ali pano?”

Kwathu apongozi timawapatsa ulemu, timagwada, koma timaonana. Sizinandibwerere n'komwe kuti nkhalamba yokhala pansi pa mango ndi nkhani yoti n'kuuza munthu.

Ndinawaonetsa nambala ija n'kuwauza kuti Tusekile akapanda kufika kuchipatala m'mawa womwewo, safika madzulo. Anamasulira. Mlamu wake uja anakana. Anati munthuyo sachoka pakhomo, tamupopa kale, tikufuna tikamumalize. Gwamaka foni yake sinkapezeka. Bambo Kayange anandinong'oneza kuti pakhomopo pali munthu mmodzi yekha amene mawu ake angadutse a mlamuyo.

A Mwalwanda anali ataima m'mphepete mwa nthochi, atatifulatira, atatsamira ndodo. Ndinasiya thonje m'manja mwa mayi wa ndowa uja, ndinadutsa pakati pa anthu aja, n'kukagwada m'matope kumbuyo kwawo. Sanatembenuke, chifukwa kutembenuka kukanawaonetsa Tusekile. Ndinalankhula ndi msana wawo.

“Bambo, ndalakwa. Mlandu wanga mudzaweruza. Koma mayi a ana aja magazi awathera, ndipo m'thupi mulibe madzi. Ndikupempha tiwatenge.”

Kenako anafunsa, osati ine, koma mlengalenga, kuti madzi atha bwanji m'thupi mwa munthu pamene chitsime chili pakhomo.

Anayankha anali mayi wa ndowa uja. Analankhula m'Chinkhonde, ndipo Bambo Kayange anandimasulira pang'onopang'ono. Chimbudzi cha pakhomopo chinali kuseri kwa mango, ndipo njira yake inkadutsa pamaso pa mpando wa akuluwo. Munthu wa nthenda ya Tusekile amapita kuchimbudzi kambirimbiri pa tsiku. Chibwerereni apongozi ake, Tusekile anasiya kudya ndi kumwa masana kuti m'mimba musamuvute. Ankangokhala m'kanyumba muja kudikira kuti akuluwo akagone. Akalowa m'nyumba m'pamene iye ankatuluka, kutunga madzi, kuchapa, kusinja, kudya pang'ono. Mankhwala anamuthera sabata ziwiri zapitazo, ndipo njira ya kumsewu nayonso inkadutsa pa mango pomwepo. Magazi ankataya ochuluka kuposa kale, koma akanauza ndani, nkhani ya kuchimbudzi, apongozi ali pabwalo?

Ine ndinaona mizere ija m'maso mwanga, masana poyera, usiku bii. Wotchi ziwiri zinandiuza zimenezi sabata ndi sabata, ine n'kunena kuti ina yalowa madzi, inayo akuvula.

Mapewa a nkhalamba ija anagwa. Analankhula mawu ochepa kwa mwana wawo wamtali uja, ndipo mnyamatayo anayesa kuyankha koma anamudula. Kenako anati m'Chichewa, “Zulani chitseko. Mumunyamulirepo.” Atatero anayamba kulowa m'nthochi, akutsimphina, osacheuka, mpaka anabisika, kuti ife tidutse pa mango.

Amuna anayi ananyamula chitsekocho, ndipo mmodzi anali yemwe anakhuthula bokosi langa. Ine ndinkayenda pambali chala chili pamkono wa Tusekile. Kawiri konse kugunda kunandisowa, ndipo kawiri konse ndinaitana dzina lake mokuwa mpaka anagwedeza chikope. Bambo Kayange anali ataimbira kale ku ofesi. Titafika pamsewu tinadikira pang'ono, galimoto yathu inafika, Mayi Nyirenda ali momwemo ndi madiripi. Anayang'ana Tusekile, anayang'ana ine ndi matope anga. Diripi anaika okha, pamtsempha wa pakhosi, galimoto ikuyenda.

Kuchipatala anamuika magazi. Gwamaka anafika masana n'kupereka ake, mlamu uja naye anapereka. Kwa masiku atatu palibe amene ankatha kunena kuti zikhala bwanji. Ndinkapita m'mawa ndisanayambe ntchito ndiponso ndikaweruka, ndipo nthawi iliyonse ndikayandikira chipinda chija ndinkayamba ndamvetsera ngati muli kulira. Chakudya sichinkalowa. Ana ake awiri ankandibwerera m'mutu.

Mawa lake la tsiku lovutalo ndinalowa mu ofesi ya Mayi Nyirenda ndisanaitanidwe. Ndinatsegula kompyuta, ndinawaonetsa mizere ya sabata zonse, ndi buku momwe ndinalemba kuti wotchi yalowa madzi. Ndinawauzanso kuti sindinayang'ane m'maso ndisanalowetse singano. Anayang'ana mizereyo nthawi yaitali.

“Magazi munatenga nthawi yanji?”

“7:28.”

“Ndiye munakwanitsa nthawi,” anatero. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. “Mawu aja a madzi ndinanena ndine. Nanenso mizere iyi ndinayenera kuiona. Lembani zonse mmene zinachitikira, musakometse. Ndisainira pansi panu.”

Lipotilo linapita kwa akuluakulu oyang'anira kafukufuku. Ntchito sanandichotse, koma anandiwonjezera miyezi yoyesedwa, ndipo kwa nthawi yaitali sindinkaloledwa kulowa pakhomo la munthu ndekha. Kuyambira pamenepo, mizere ya munthu ikasintha, lamulo linali loti upite ukamufunse usanakhudze wotchi.

Tsiku lachinayi ndinapeza Tusekile atakhala tsonga akumwa phala. Ndinaima pakhomo. Iye anandiyang'ana n'kunena kuti, “Asisita, lero simunabwere ndi kabotolo?” Ndinalira ngati mwana, pamaso pa odwala onse. Anandiuza bwinobwino kuti kafukufuku wasiya, ndipo ndinamuyankha kuti ndi ufulu wake. Wotchi inali itatsala kumudzi, poti mlamu uja anaimasula tisananyamuke.

Patapita sabata ziwiri, Bambo Kayange ananditenga kuti tikapepese. Tinanyamula nkhuku ndi shuga. A Mwalwanda sitinawapeze pa mango. Anthu anatiuza kuti anasamuka tsiku lomwe lija, Tusekile asanafike n'komwe kuchipatala. Tinawapeza kumunsi, pamalo pomwe panali nyumba yawo yakugwa, atamanga kachisakasa ka udzu ndi mapepala apulasitiki, pansi pakadali chinyezi. Mwendo uja unali usanapole.

Bambo Kayange analankhula zonse zoyenera m'Chinkhonde, ine nditagwada. Akuluwo analandira nkhuku, anati ndagha. Kenako analowa m'chisakasa n'kutuluka ndi kanthu kokulunga m'tsamba la nthochi. Inali wotchi ija.

“Akuti kachinthu aka kanadziwa kuti mayi a ana aja sakugona usiku,” anatero.

“Kanadziwa, bambo.”

“Ndipo kanakuuzani.”

“Kanandiuza.”

Anagwedeza mutu. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa.

“Ine ndinakhala pampando uja sabata zitatu, munthu akufa kuseri kwa khoma chifukwa cha ine, osadziwa. Zimenezo ndidzapita nazo kumanda. Koma ine mwambo unandiletsa kumuona. Nanga inu, mama, amene munkalowa mpaka mkati, chinakuletsani n'chiyani?”

Ndinayang'ana kwa Bambo Kayange, koma sanandithandize.

Papita zaka tsopano, ndipo ndikadali pa ntchito yomweyi ya kafukufuku. Masiku ano ndine amene ndimakhazika pansi anamwino atsopano. Ndimawaphunzitsa za wotchi ya m'thupi, za timabotolo, za mphindi makumi atatu, chifukwa nthawi ndi yofunikadi ndipo magazi ochedwa sathandiza aliyense. Achinyamata ofuna ntchito imeneyi amandifunsa ngati chovuta ndi singano kapena kompyuta, ndipo ndimawauza kuti zimenezo munthu amazizolowera mwezi umodzi.

Ine ndikafika pakhomo la munthu, kaya ndachedwa bwanji, bokosi ndimayamba ndaliika pansi. Ndimayang'ana amene wakhala pabwalo, ndi kumene kuli chimbudzi. Ndikalowa ndimafunsa kuti chasintha n'chiyani pakhomo pano chichokereni ine, ndipo ndimadikira yankho ngakhale foni ikundiuza kuti nthawi yatha. Pa chifukwa chimenechi ndatayapo magazi angapo, ndipo pa tabuleti ndimalemba chilungamo kuti ndinachedwa. Funso la a Mwalwanda lija mpaka lero sindinalipezere yankho loti ndingakawauze nditawayang'ana kumaso.